Simu Inatsala ndi Kadona

Ku fakitale ya zovala onse ankawatcha Mayi Changu. Munthu akayamba nkhani mozungulira, kuyambira kumene agogo ake anabadwira, iwo ankamudula pakamwa: "Changu, ine ndili ndi ntchito." Bwana atagula makina atsopano opeta maluwa ndi zilembo pansalu, anasankha anthu awiri oti apite kunja, ku dziko limene makinawo amapangidwa, akaphunzire kuwayendetsa: Mayi Changu, ndi mtsikana wina wa mbali yosokerera mabatani, amene aliyense ankangomuti Wamabatani. Ulendo unali wa miyezi ingapo. Pogona panali pokonzeratu, ndipo ndalama ya chakudya inkalowa ku banki yawo ya kwawo, iwo n'kumalipira ndi khadi.

Kunyumba kunatsala ana awiri: Kadona, wachisamba, amene anali ku sekondale, ndi kamnyamata komaliza kamene kanali kakuguluka mano akutsogolo. Mng'ono wawo wa Mayi Changu anasamukira komweko kuti aziwayang'anira.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, Kadona anaima pakhomo la chipinda, manja atapinda pachifuwa, akuyang'ana amayi ake akukanikiza chikwama ndi bondo kuti zipi itseke.

"Bambo ajanso ankati miyezi ingapo," anatero.

"Ine si bambo ako. Tandipatsa thaulo ilo."

"Ankatinso aziimba tsiku lililonse."

Thaulo sanapereke. Bambo ake anapita kunja kukagwira ntchito iye akadali ku pulayimale. Poyamba ankaimba, kenaka mwa apo ndi apo, kenaka nambala yawo inangosiya kulowa. Mayi Changu ankaidziwa nkhaniyo kuposa mwanayo, koma galimoto inali ikuliza hutala panja, ndipo imeneyo sinali nthawi yofukula zakale. Anatulutsa simu m'foni yawo n'kuiika m'kafoni kakale kong'aluka galasi.

"Simuyi kunja n'njopanda ntchito, ndikagula ina komweko. Tenga. Makasitomala anga a madiresi akaimba uziwauza kuti ndibwera, asapereke nsalu zawo kwa wina."

Kadona sanatambasule dzanja. Iwo anakasiya kafoniko patebulo n'kunyamula chikwama.

Mzinda umene anafikira unali wa anthu osagwira ndalama ndi manja. Anazidziwira pa nkhomaliro yoyamba, m'kamsewu ka kuseri kwa sukulu ya makina, mmene munali timalo togulitsira zakudya tondandana, nthunzi ili tolotolo. Analoza mpunga ndi masamba, mayi wogulitsa anapakula, iwo n'kutulutsa ndalama yapepala imene anasinthitsa ku bwalo la ndege. Mayiyo anaiyang'ana ngati amupatsa tsamba la mtengo, n'kupukusa mutu. Anatulutsa khadi, anapukusanso. Kenaka analoza ndi chipande kachikwangwani kolendewera pamwamba pa mapoto, kokhala ndi kabokosi ka timadontho takuda.

"Amayi, kuno amalipira ndi foni," anatero Wamabatani. "Mumangolozetsa kamera pa kabokosi ako. Bweretsani ndikuikireni apu yake, tilumikize ndi khadi lanu."

Zala za mtsikanayo zinathamanga pafoni ngati nyerere. Mayi Changu anangoima ndi mbale m'manja.

"Eya, yatheka. Tsopano banki yatumiza manambala sikisi ku simu yanu kuti itsimikize kuti ndinudi. Werengani."

"Sipanabwere kanthu."

"Simu ya kwathu, amayi, osati yatsopanoyi."

"Ndasiyira mwana."

Wamabatani anaseka mpaka kutsamira mzati. "Mayo ine! Ndiye mwabwera ndi poto, moto mwausiya kunyumba?"

"Changu, iwe, anthu akudikira kumbuyoku."

"Apa palibe changu. Banki ya kwathu ikaona khadi likugula kunja imaganiza kuti lili ndi wakuba. Mukafuna kulipira chilichonse izifuna manambala, ndipo manambalawo sachedwa kutha mphamvu. Mulembereni mwanayo."

Kumeneko kunali masana, kwawo kunali kukungocha kumene. Analemba: "Iwe, pa kafoni kaja pabwera manambala. Tumiza msanga, ndili pamzere." Mumtima anali atayamba kale kuganiza zobweza mbale. Koma foni inanjenjemera. Manambala sikisi. Popanda moni, popanda mwayenda bwanji. Anawalowetsa, foni inalira kamodzi, mayi wogulitsa anagwedeza mutu n'kuitana wotsatira.

Zinakhazikika choncho. Kadona sankaloledwa kupita ndi foni ku sukulu, ndiye kugula konse kwa Mayi Changu kunkayenera kulowa pa kampata ka pakati pa kudzuka kwa mwanayo ndi kunyamuka kwake. Nkhomaliro, buledi wamadzulo, sopo, zonse pa nthawi yopuma masana, akuthamanga. Ankadandaula tsiku lililonse, Wamabatani n'kumangoti, "Munaifuna nokha."

Kuimba ankaimba Lamlungu, pa foni ya mng'ono wawo. Kamnyamata kankalanda foni n'kuonetsa usinini pa kamera, kufotokoza za galu wa aneba mpaka mpweya kukathera. Akafunsa za Kadona, mng'ono wawo ankayang'ana kumbali.

"Akusamba, achemwali."

"Sabata yatha ankasambanso."

"Eee, ndiye akusambanso."

"Mwana ameneyu wasanduka nsomba? Muuze kuti madzi timalipira."

Ankadula foni ali ndi mkwiyo, n'kukhala pabedi m'kachipinda kawo ka mabedi awiri, kawindo kake koyang'anizana ndi khoma la nyumba ina. Zovala zamkati za Wamabatani zinkakhala zili yangayanga pachingwe chodutsa pakati pa chipinda. Pansi pa nyumbayo pankadutsa njinga zamoto zosalira, anthu akuyankhula chinenero chimene iwo ankangotolamo mawu awiri, zikomo ndi ayi.

Poyamba ankawonjezera timawu pa uthenga wopempha manambala. Wadzuka bwanji. Mayeso ayamba liti. Gasi alipo. Yankho linali lomwelo, manambala okhaokha. Ndiye anayamba kuwerenga zimene zinalipozo. Manambala akabwera nthawi yomweyo, ankadziwa kuti mwanayo wadzuka bwino, kafoni kali pafupi, mwina pa shelefu ya kukhitchini pamene amaikapo machesi. Akachedwa, ankamuona m'maganizo akudzambatuka, tsitsi lili nyankhalala, akufufuza pansi pa pilo. Loweruka ankachedwa kwambiri, ndipo iwo ankaima pamzere n'kumalola anthu kuwadutsa, osakwiya. Agone, mwana wa sukulu amatopa.

Tsiku lina apu inakana manambalawo, Kadona anali atalakwitsa pokopera. Asanalembe n'komwe, panabwera ena, pansi pake pali mawu amodzi: "Pepani."

Anadya mpunga wa tsiku limenelo osaumva kukoma. Masana onse, mphunzitsi akuwaonetsa kalowetsedwe ka ulusi m'mitu ya singano ya makina aja, yambirimbiri, yonse ikubaya nsalu nthawi imodzi, iwo ankatulutsa foni m'thumba la epuloni n'kuyang'ana mawuwo. Ulusi wofiira unaduka pa mutu wachitatu iwo osaona, makina anapeta duwa la theka, mphunzitsi anawomba m'manja pafupi ndi khutu lawo.

Kuyambira pamenepo anayamba kugula zinthu mogawa. Sopo shopu iyi, shuga shopu inayo, ngakhale zonse zinali pa shelefu imodzi. Mauthenga awiri m'malo mwa umodzi. Mwina alakwitsanso.

"Amayi, muli pa chibwenzi ndi banki?" anafunsa Wamabatani. "Anthu amamwetulira akalandira ndalama, inu mukumwetulira polipira."

"Tseka pakamwa, pangalowe ntchentche."

"Sopo wachitatu uyu. Mukufuna kuchapa mzinda wonse?"

Kenaka kunayamba kuzizira, kuzizira kolowa m'mafupa kumene iwo anali asanakuonepo, ndipo chimfine chinawagwira. Tsiku lina anapirira mpaka masana, anadya pang'ono, koma pofika chakumadzulo mutu unali ukuwaza nkhuni, mphuno zili tsekeretu. Mphunzitsi anawaloza chitseko. Anayenda mpaka ku shopu ya mankhwala ya pakona, analoza pakhosi ndi pamutu, mnyamata wa jasi loyera anaika timabokosi tiwiri pa kauntala. Analozetsa kamera. Apu inafuna manambala.

Ankadziwa kuti Kadona ali m'kalasi. Analembabe. Manambala anatha mphamvu, anapempha ena. Kumbuyo kwawo mzere unakula, bambo wina anayamba kugogoda pansi ndi ambulera. Atapempha kachitatu, apu inalemba zofiira kuti banki yalitseka khadi kwa kanthawi. Wa jasi loyera anabweza timabokosi tija pa shelefu mwaulemu wonse, ulemu wopweteka kuposa chipongwe. Basi nayonso inkafuna foni. Anabwerera wapansi, mvula yowaza ikuwalowa m'khosi, akutukwana banki, apu, bwana, ndi munthu amene anayambitsa zoti ndalama izikhala m'mwamba ngati mzimu.

Wamabatani anawapeza atafunda mabulangete onse awiri, ndi lake lomwe. Anatsika kukawagulira mankhwala ndi foni yake, ndipo pobwera nkhope inali ilibe nthabwala.

"Amayi, zamasewerazi zithe. Mudzafera pamzere. Banki imalola kusintha nambala, mauthenga onse azibwera ku simu yakunoyi. Ndinakuuzani kalekale, inu mumangoti mawa."

"Sintha," anatero Mayi Changu m'bulangete. "Changu."

Anasintha mawa lake masana, khadi litatsegulidwa. Kuti zitheke pankafunika manambala omaliza ochokera ku simu yakale. Analemba monga mwa masiku onse: "Tumiza." Sanafotokoze. Mutu unali ukuwawabe, ndipo kufotokozera munthu wosayankha kuli ngati kuyankhula ndi kabati. Manambala anachedwa tsiku limenelo. Anachedwa mpaka Wamabatani anati tiyambirenso. Kenaka anabwera.

Moyo unapepuka, zimenezo sangakane. Ankakwera basi. Ankagula malalanje madzulo pobwera, tiyi wotentha m'mawa popita. Kulozetsa kamera, manambala n'kubwera pomwepo pafoni yawo, kulipira, kumapita. Chimfine chinatha. Makina anayamba kuwamvera, mpaka mphunzitsi ankabweretsa ophunzira ena kudzaona mmene iwo akukokera nsalu pa felemu, yosakwinyika, yosakokeka mopitirira.

Koma ikakwana nthawi ya nkhomaliro, dzanja linkapita lokha m'thumba la epuloni, chala n'kutsegula dzina la Kadona, ndiye panalibe chopempha. Tsiku loyamba analemba, "Wadzuka bwanji." Panaoneka kuti wawerenga. Sanayankhe. Tsiku lachiwiri analembanso, ndipo sanawerenge n'komwe. Mtima wa Mayi Changu unauma. Mwana wobereka okha, womusenza miyezi yonse ija miyendo itatupa, amunyengerere ngati bwana? Anasiya kulemba. Lamlungu anaimba, anaona usinini wa kamnyamata, za Kadona sanafunse, ndipo mng'ono wawo sananene zosamba.

Masiku amenewo ndiwo anali aatali. Mpunga unali womwewo, mayi wogulitsa anali atawazolowera moti ankawawonjezera masamba, koma iwo ankadya ataimirira, msanga, ngati akumwa mankhwala. Ankaona atsikana a sukulu m'basi, mayunifolomu a mtundu wina, akukankhana ndi kuseka ndi pakamwa ponse, iwo n'kutembenukira kuwindo. Anapeza kuti akuiwala mawu a mwana wawo. Nkhope ankaikumbuka, kaimidwe kaja ka pakhomo, koma mawu ake akamaseka ankawasaka m'mutu osawapeza.

"Ingomuimbirani," ankatero Wamabatani.

"Ali ndi zala."

"Mwafanana, mukudziwa? Mitu ngati miyala nonse awiri."

Linali tsiku la pakati pa sabata, ali pamzere wa nkhomaliro, pamene foni inalira. Osati kunjenjemera kwa uthenga, kulira kwenikweni. Pagalasi panali dzina la Kadona. Mwana wosayankhula akaimba mbandakucha ndiye kuti kwagwa zovuta. Anatuluka pamzere, anagunda munthu, analowa pakampata ka pakati pa timashopu tiwiri pamene panali makireti a mabotolo.

"Halo? Chachitika n'chiyani? Mlongo wako ali kuti?"

"Ali pompano, akuvala." Mawuwo anali okhuthala kuposa mmene ankawakumbukira. "Inuyo muli moyo?"

"Funso lanji limenelo? Ukuyankhula ndi mzukwa?"

"Ku shopu ya mankhwala kuja munkakagula chiyani?"

Mayi Changu anatsamira khoma, Kadona n'kupitiriza.

"Nditabwera kuchokera ku sukulu ndinapeza mauthenga atatu, onse a shopu ya mankhwala. Kenaka akuti khadi latsekedwa. Mawa lake akuti mukusintha nambala. Basi, zii. Mukudwala chiyani chimene mukubisa?"

"Wadziwa bwanji kuti inali ya mankhwala?"

"Uthenga wa banki umanena dzina la shopu, amayi! Nthawi zonse umanena. Mumaganiza kuti ndimangokopera manambala ngati makina? Ndinkawasaka mayinawo pa mapu. Kamsewu kanuko ndikukadziwa. Mumadya malo amodzimodzi tsiku lililonse, pali chithunzi chake, mapoto anayi ndi ambulera yobiriwira. Zipatso simugula. Sopo mumagula ngati mukumudya."

Anatembenuka. Ambulera yobiriwira inali pomwepo, mayi wogulitsa akupakula pansi pake.

"Ndinkadziwa kuti mwadya," anatero Kadona. "Ndikapita ku sukulu ndinkadziwa kuti lero adya. Pano sindikudziwa chilichonse."

"Chinali chimfine, mwanawe. Chimfine chabe. Chinatha."

"Nanga osanena?"

"Ukanayankha?"

"Ndikanawerenga."

"Wa tsiku lachiwiri sunawerenge."

"Ndinaopa." Anafwenthera. "Bambo aja anayamba ndi kusintha nambala. Anati yakaleyo ikuvuta netiweki. Ndipo inu munandituma ine ndemwe kuti ndikutumizireni manambala osinthira. Ndinawayang'ana, ndinati ndisatumize, ndinati mwina ali pamzere ali ndi njala."

Mayi Changu anakhala pa kireti. Anafuna kukalipa, chifukwa kukalipa ndiko ankakutha, koma sanapeze chokalipira. Munthu wa m'shopu anasuzumira, anawayang'ana, n'kubwerera.

"Tamvera," anatero Mayi Changu potsiriza. "Ndinasintha chifukwa ndinayenda wapansi pamvula, mankhwala atandikaniza, iwe uli m'kalasi. Palibenso china. Ndinalakwa osakuuza. Ukafuna ndibwezeretsa mawa lomwe, uzinditumiziranso."

"Ayi. Mudzafera pamzere."

"Nawenso? Mwapangana ndi Wamabatani?"

"Ndani ameneyo?"

"Wina wamwano ngati iwe. Ndimagona naye chipinda chimodzi, amayanika zovala pamwamba pa mutu wanga."

Kunamveka kaphokoso kochokera m'mphuno, kuseka kosafuna. Mayi Changu anakanikiza foni kukhutu mpaka kuwawa. Ndi kumeneko, kuseka kuja. Kunali komweko nthawi yonseyi.

"Tikiti yobwerera muli nayo?" anafunsa Kadona.

"Ili m'chikwama."

"Ya tsiku lenileni, lolembedwa?"

"Lolembedwa."

"Muijambule munditumizire."

"Ukundiyesa wabodza?"

"Muijambule basi."

"Chabwino, bwana. Ndipo ine ndiziimba nthawi ngati ino. Ukapanda kuyankha ndiimbira aneba, akugogodere, uchite manyazi."

"Ndimakhala ndili bize m'mawa."

"Uziika foni pawindo, uzigwira ntchito zako. Sindikufuna nkhani, ndikufuna phokoso."

Kumbuyo kwa Kadona kunamveka kulira kwa kamnyamata, ndi mawu a mng'ono wawo akufuula kuchokera kukhitchini kuti nthawi yatha.

"Musadule," anatero Kadona. "Uyu wataya nsapato imodzi."

Foni inagunda pa chinthu cholimba. Anaisiyadi pawindo. Mayi Changu anatseka maso. Mpopi wa kukhitchini unali ukudonthabe m'beseni, palibe anaukonza. Wailesi ya aneba. Chitseko cha kabati chija chimene chimalira ngati mwana wa mphaka. Mapazi a Kadona, olemera chidendene ngati awo, akupita kuchipinda, kubwerera, kukoka mpando. "Unaivulira kuti? Ganiza, iwe!" Kamnyamata kakulumbira kuti wina waiba.

Wamabatani anatulukira pakampatapo atanyamula mbale ziwiri, akuloza nthawi padzanja. Iwo anamubweza ndi dzanja osatsegula n'komwe maso onse awiri.

"Kadona!" anafuula m'foni, anthu odutsa n'kutembenuka. "Kadona! Yang'ana kuseri kwa chitseko cha bafa. Amavula imodzi akakhala pachimbudzi."

Mapazi anapita. Chitseko chinakwekwereza pansi. Kenaka mawu a Kadona anachokera patali, mkati mwa nyumba, osayandikira n'komwe foni.

"Ili pomwepo."

"Muveke. Ndipo umupukute kumaso, ndikumumva mamina ndili kuno."